Amati nyumba yoyaka kale siigulira inshuwaransi

Lamlungu lapitali titaweruka ku tchalitchi tinakadya nsima kwa mlongo wanga kuno ku South Bend, Indiana. Tili mkati mwa kudya, mwana wake wachisamba, mnyamata wa zaka 27 amene amayendetsa Uber, anayambitsa nkhani ya inshuwaransi ya zaumoyo. Pa inshuwaransi ya mayi ake anachotsedwapo atakwanitsa zaka 26, monga lamulo limanenera, ndipo akuti yakeyake sagula. "Malume, ine chibwerereni kuno sindinagonepo m'chipatala. Ndizitayiranji madola mwezi ndi mwezi? Ndikadzadwala ndidzagula. Paja sangandikane."

Ndinamuyankha mwachidule chifukwa nsima inkazizira. Zotsalazo ndikulemba pano, poti ndikudziwa kuti amawerenga ngakhale sasiya ndemanga.

Mawu akuti "sangandikane" amenewo iye amawatchula ngati chinthu chimene chinalipo chiyambire. Ine anandikana. Munali mu 2009, nditasiya ntchito yosamalira okalamba n'kuyamba kabizinesi kanga kokolopa m'maofesi usiku. Kuno anthu ambiri inshuwaransi amaipezera kuntchito, ndiye ukadzilemba wekha ntchito umayenera kukagula pawekha. Fomu yake inali ya masamba ambirimbiri: umalemera bwanji, unaonana ndi dokotala liti, wamwapo mankhwala anji zaka zapitazi. Ndinalemba zoona, kuti ndimamwa metformin wa shuga ndi kapiritsi kamodzi ka BP. Patatha milungu itatu kunabwera kalata yaulemu kwambiri, yondithokoza chifukwa cha chidwi changa, n'kundiuza kuti sangathe kundilandira. Kampani yachiwiri inati bwerani, koma chilichonse chokhudzana ndi shuga mudzalipira nokha. Tsono shuga sakhala malo amodzi. Amapita ku impso, kumaso, kumapazi, ku mtima. Ankafuna kundigulitsa ambulera yobooka pakati penipeni.

Ndinakhala zaka zinayi wopanda kanthu. Timapepala toyezera shuga tija ndinkatiwerenga ngati machesi a kumudzi, kuyeza kamodzi pa masiku atatu. Tsiku lina nsapato yatsopano inandisupula chala cha kuphazi, ndipo kwa milungu iwiri ndinkachiunika ndi tochi ya foni usiku uliwonse, kuona ngati chikuda. Matendawo ndinkawaopa, koma bilu ndinkaiopa kwambiri.

Sindinali ndekha. Mphumu, khansa imene munthu anachira kalekale, HIV, kunenepa kwambiri, ngakhale pakati, zonsezi zinkatchedwa pre-existing condition ndipo zinali zokwanira kukutsekera chitseko. Bungwe lofufuza za zaumoyo la KFF linawerengetsa kuti akuluakulu 27 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 65 ali ndi vuto limene likanawakanitsa pa malamulo akale aja. Ndiye panalinso khalidwe lina lonyansa: munthu walipira zaka, wagwidwa ndi khansa, kampani n'kubwerera ku fomu yake kukafufuza kanthu kamene anaiwala kulemba, n'kuthetsa mgwirizano wonse.

Zimenezi zinatha ndi lamulo la Affordable Care Act, lija timangoti Obamacare, limene Barack Obama anasainira pa 23 Malichi 2010. Kwa ife akuluakulu mbali yoletsa kukana munthu inayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2014. Kuyambira pamenepo, mtengo umasiyana pa zinthu zinayi zokha: zaka zako, dera limene ukukhala, kuchuluka kwa anthu amene ukuwalembetsa, ndi fodya. Wokalamba sangalipiritsidwe kupitirira katatu pa zimene wachinyamata akulipira. Mkazi ndi mwamuna mtengo ndi umodzi. Webusaiti ya boma yogulirapo inshuwaransi, HealthCare.gov, itatsegulidwa mu Okutobala 2013 inkangofa, anthu n'kumaiseka pa TV, koma usiku umene inandilola kulowa ndinafika kumapeto kwa fomu ndikudikirabe funso la shuga. Silinabwere. Ndinabwerera m'mbuyo kukaona ngati ndadumpha tsamba.

Otsutsa lamuloli ali ndi fanizo limene amalikonda. Amati nyumba yoyaka kale siigulira inshuwaransi. Ndivomereze, mwa masamu akunena zoona. Inshuwaransi ndi kusonkha ndalama podikira tsoka limene simukudziwa kuti ligwera ndani, ndipo ine tsoka langa linali lodziwika kale. Koma nyumba ikapsa umakachita lendi kwina. Thupi ndi limodzi lomweli, ndipo sindinalisankhe pa msika. Shuga ameneyu mayi anga anali naye, malume awo anadulidwa naye mwendo. Komanso tisanamizane, aliyense amene Mulungu amupatse zaka adzakhala nyumba yofuka utsi tsiku lina. Medicare ya boma imayambira pa zaka 65. Pakati pa 45 ndi 65 pali mtunda wautali, ndipo ndi momwe BP, mawondo ndi zotupa zimayambira kulankhula.

Tsopano ndibwere kwa iwe, mwana wa mlongo wanga, chifukwa apa ndiye pamene ndimasiyana ndi anzanga ena okonda lamuloli, amene amalankhula ngati ndalama zake zimagwa ndi mvula.

Umadziwa gulu lathu la maliro la pa WhatsApp. Kutumiza thupi kumudzi kumadya madola masauzande ambiri, n'chifukwa chake timasonkha tonse, amene tili ndi odwala ndi amene tilibe. Tangoganiza titalengeza kuti aliyense akhoza kulowa tsiku lililonse, ndipo alandira thandizo lonse nthawi yomweyo. Ndani angasonkhe mwezi ndi mwezi? Aliyense angadikire mpaka m'bale wake ataikidwa pa okisijeni. Thumba lingaphwe pa maliro awiri. Ndi zimene zinachitika m'chigawo cha Washington: mu 1993 anakhazikitsa lamulo loletsa kukana odwala pamodzi ndi lokakamiza anthu kukhala ndi inshuwaransi, mu 1995 anachotsa lokakamizalo n'kusiya loletsa kukana. Athanzi anatuluka, mitengo inakwera, enanso anatuluka, ndipo pofika 1999 makampani akuluakulu anali atasiya kugulitsa inshuwaransi yatsopano kwa ogula paokha. Walira mvula walira matope. Ukafuna kuti wodwala asakanidwe, uvomerenso kuti wathanzi azisonkha.

Olemba Obamacare ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake anaikamo chindapusa kwa wosagula. Pofika 2016 chinali madola 695 pa munthu wamkulu, kapena 2.5 peresenti ya zimene umapeza ngati imeneyo ndiyo yochuluka. Bwalo lalikulu la Supreme Court linachivomereza mu 2012, oweruza asanu kwa anayi, mkulu wa oweruzawo John Roberts atanena kuti ndi msonkho. Kenako lamulo la misonkho la 2017 linachitsitsa kufika pa ziro kuyambira 2019. Ine ndimaona kuti pamenepo analakwitsa. Zinthu sizinagwe monga ena ankaneneratu, koma chimene chagwira denga ndi ndalama zimene boma limathandizira pa mtengo wa mwezi ndi mwezi, ndipo zimenezo ndi za ndale. Thandizo lowonjezera limene boma linayamba kupereka mu 2021 analiika ndi tsiku lothera, kumapeto kwa 2025.

Ku Joni anachita mwanjira ina, abale athu a kumeneko angandichitire umboni. Medical aid nayonso singakukane, koma ikhoza kukudikiritsa miyezi itatu, kapena miyezi 12 pa matenda amene wabwera nawo, ndipo ukachedwa kulowa mpaka kupitirira zaka 35 umalipira chowonjezera. N'zowawa, koma ndikumvetsa chimene akuteteza.

Ndipo pali pena pamene lamulo la Obamacare lija waliwerenga mwatheka. Chitseko sichikhala chotsegula chaka chonse. Chimatsegulidwa pa 1 Novembala kwa milungu yowerengeka. Kunja kwa nthawi imeneyo umalowa pokhapokha pachitika zinthu zapadera, monga ngati ntchito yokupatsa inshuwaransi yatha, wakwatira, kapena kwabadwa mwana, ndipo umakhala ndi masiku 60. Kudwala sikuli pa mndandandawo. Galimoto ikakugunda mu Malichi, ku emergency adzakulandira ndithu, lamulo la 1986 limawakakamiza, koma bilu idzakupeza kunyumba ndipo idzakutsata zaka. Usanamizikenso ndi timainshuwaransi totchipa ta miyezi yochepa timene amatitsatsa pa intaneti. Timeneto sitili pansi pa Obamacare, timafunsabe mafunso a 2009 aja ndipo tikhoza kukukana.

Sindikunena kuti zonse zili bwino. Deductible, ndalama imene umayamba walipira wekha inshuwaransi isanayambe kukulipirira, pa mapulani otsika mtengo imafika madola masauzande angapo, moti munthu ali ndi khadi m'thumba koma akuopabe kupita kwa dokotala. Abale athu opanda mapepala saloledwa n'komwe kugula pa HealthCare.gov, ngakhale atafuna kulipira mtengo wonse okha, ndipo zimenezo sindinazimvetsepo. Koma ine lero ndimayeza shuga m'mawa uliwonse, maso amandiunika chaka ndi chaka, ndipo zala zanga zakuphazi zilipo zonse khumi. Mbali ina ya ndalama zimenezo inachokera kwa anyamata athanzi ngati iwe amene sanandionepo, ndipo ndikudziwa.

Ndamuuza mlongo wanga kuti pa 1 Novembala ndibwera ndi laputopu, tikhale pansi ndi mnyamatayu tione kuti pa ndalama zimene amapeza boma lingamuthandize zingati. Iye akuti adzaphika thobwa. Mwiniwakeyo meseji yanga sanayankhe mpaka pano, koma timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu.