Ana a msilikali sadya mendulo

Tikamva kuti msilikali wafera ku DRC timathamangira pa Facebook kulemba kuti "wuse mumtendere ngwazi yathu". Sabata ikatha tabwerera ku mpira ndi ndale, ndipo apa m'pamene mayi wamasiye amayamba ulendo wa m'maofesi.

Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni pomenyana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu Januwale 2025 ena 3 anafa pankhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 cha ku Goma, ali pansi pa SADC. Mu Juni 2024 ndege itagwa ku Chikangawa, asilikali 3 amene ankaiyendetsa anafera pomwepo limodzi ndi a Chilima. Ndi angati mwa ife amawatchula?

Chimene chimandiwawa n'chakuti onsewa anavala yunifolomu imodzi, koma chipukuta misozi chimatengera kuti wafera pansi pa mbendera ya ndani. A UN ali ndi mlingo wodziwika: kuyambira 2018 amapereka madola 77,000 msilikali akafera pantchito yosungitsa mtendere. Ndalamazo sizipita kwa mayi mwachindunji, zimadzera ku boma lathu. Nanga mnyamata wa pa Monkey Bay amene boti lamugubuduzira pa mwera akulondera nyanja? Nanga amene wakokoloka akupulumutsa anthu pa madzi osefukira? Ana ake nawonso amafuna fizi, yunifolomu ndi ufa. Ine ndikuti boma likhale ndi mlingo umodzi wolembedwa poyera, woti aliyense wa Malawi Defence Force aziudziwa asanakwere galimoto yopita ku ntchito, ndipo za UN zizingowonjezera pamwamba.

Kuchedwa ndiye kumapha kawiri. Mukukumbukira kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yomwe ikanamanga nyumba ya malata chaka cha maliro, ikatuluka patapita zaka ziwiri imangokwana zitseko ndi mazenera. Pa nthawi yonseyo mayi wa ku Makanjira kapena ku Namwera wagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti, akafika amuuza kuti abwana ali ku msonkhano, abwerenso. Aliyense amene anatsatirapo ndalama za malemu m'boma akudziwa zimene ndikunena. Pakhale malire, miyezi itatu basi, ndipo akachedwetsa azilipira ndi chiwongola dzanja.

Koma abale anga, tisangoloza boma. Ifenso kumudzi tili ndi mlandu. Ndalama zikangomveka, amalume amene sanagulepo ndi sopo yemwe amatulukira, achimwene a malemu afuna ATM khadi, mayi akuuzidwa kuti iwe ndi wobwera. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu, komabe anthu amachita dala podziwa kuti mayiyo sangapite kupolisi kukasumira apongozi. Kuno kwathu ku Mangochi za mitala si zachilendo, ndiye asilikali inu lembani bwinobwino mayina a akazi ndi ana anu onse mukadali moyo, musasiye nkhondo ina pakhomo. Makolo a malemu alandire gawo lawo, inde, poti ena ndi amene ankadalira mwanayo. Gawo la ana lokha lisaperekedwe m'manja tsiku limodzi, lizituluka mwezi ndi mwezi mpaka atamaliza sukulu.

Aphungu athu a ku Mangochi, nkhaniyi muitengere ku Nyumba ya Malamulo. Funsani nduna kuti mabanja a 2018 ndi 2025 analandira zingati, komanso analandira liti, ndipo yankho lake liwerengedwe pa wayilesi.