Kubetcha pa masewero: America ndi Canada ayenda njira zosiyana

Mwezi wa March ukafika, masamba a zamasewero a ku America amadzaza ndi akatswiri olosera za March Madness, mpikisano wa basketball wa m'mayunivesite, ndipo pambali pa ulosi wambiri pamakhala dzina la kampani yobetchetsa. Anthu a ku Canada amaonera masewero omwewo, kuphatikizapo NFL (ligi ya mpira wa chiamerica) ndi Premier League, koma dziko lawo laigwira mosiyana nkhani ya juga imeneyi.

Ku America zinthu zinasintha pa 14 May 2018, pamene bwalo lalikulu lamilandu linathetsa lamulo la 1992 limene linkaletsa kubetcha pa masewero m'zigawo zambiri. Kuchokera apo chigawo chilichonse chimadzipangira malamulo ake, moti munthu wa ku New Jersey amabetcha pa foni ali m'nyumba mwake, wa ku Utah saloledwa n'komwe, ndipo a ku California anakana pa voti mu 2022. Ku Canada anthu ankabetcha kale kudzera m'malotale a boma, koma ankayenera kuphatikiza masewero angapo pa tikiti imodzi. Kubetcha pa masewero amodzi kunaloledwa mu August 2021, ndipo chigawo cha Ontario chinalowetsa makampani omwe si a boma mu April 2022.

Pamene Ontario inachita bwino ndi pa otsatsa malonda. Anthu atadandaula ndi kuchuluka kwa zotsatsa zokhala ndi akatswiri a hockey onga Wayne Gretzky, bungwe la AGCO, loyang'anira za juga m'chigawochi, linaletsa, kuyambira pa 28 February 2024, kugwiritsa ntchito osewera, kaya akusewerabe kaya anapuma, pokopa anthu kuti azibetcha. Ku America amene amalosera ndi amene amalandira ndalama za obetcha nthawi zina amadyera mbale imodzi: wailesi yakanema ya ESPN inafika popereka dzina lake ku kampani yobetchetsa mu November 2023. Ulosi wotuluka m'nyumba yotere ine sindingaukhulupirire ndi mtima wonse, ngakhale wolosera akhale wodziwa masewero chotani.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi kubetcha pa wosewera mmodzi wa pa yunivesite, monga kunena kuti mnyamata wakuti agoletsa mapointi osafika khumi. Mnyamatayo ndi wophunzira, amagona m'nyumba zogona ana asukulu, ndipo anthu amene aluza ndalama amamupeza mosavuta pa intaneti n'kumamutukwana kapena kumuopseza. Apa zigawo zina za America zinachitapo kanthu, chifukwa Ohio inaletsa kubetcha kotereku pa ophunzira mu February 2024, ndipo mwezi wotsatira Charlie Baker, mkulu wa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite, anapempha zigawo zonse kuti zichite chimodzimodzi. Koma popeza lamulo limathera pa malire a chigawo, wophunzira yemweyo amabetcheredwabe ndi anthu a kwina.

Chaka chomwecho bungwe la NBA, loyendetsa ligi yaikulu ya basketball ya akatswiri, linaletsa Jontay Porter wa timu ya Toronto Raptors kusewera mu ligiyi kwa moyo wake wonse, atapezeka kuti anatuluka msanga m'masewero ponamizira kudwala kuti obetcha apindule. Uyu anali munthu wolandira malipiro. Wophunzira wa pa yunivesite yaing'ono, amene ndalama zimamuvuta, ndi wosavuta kwambiri kumunyengerera, ndipo lamulo la Ontario loletsa nkhope za akatswiri pa zotsatsa silimuteteza ku zimenezo.