Musanathamangire kukagula difu ya 4.88, tawerengani kaye izi

Dzulo pa Bvumbwe tinakangana mpaka tiyi kuzizira m'makapu, nkhani yake ya difu, chija chili pakati pa matayala akumbuyo chimene chimagawa mphamvu ya injini ku matayalawo. Pali mphwanga wina wangogula kumene Hilux yakale ya dizilo, ija yokoka ndi matayala akumbuyo okha, ndiye akudandaula kuti ikuchedwa kunyamuka, akati aponde moto imangolira osasuntha bwino. Anzake amuuza kuti apite ku Limbe akasake difu ya 4.88 aikemo basi izichoka ngati chipolopolo. Ine ndinakana pomwepo ndipo ndikukanabe, koma poti pamsika paja aliyense amalankhula nthawi imodzi palibe amene anandimva bwinobwino, ndiye ndati ndilembe pano mofatsa.

Ine pikapu yotereyi ndakhala nayo zaka, kunyamula nthochi ndi mapeyala kuchokera ku Masambanjati ndi Thekerani kudzatula pa Bvumbwe ndi ku Limbe, ndipo difu ndinasinthapo. Ndiye sindikunena kuti kusintha nkolakwika ayi. Chimene chimandipweteka ndi choti anthu akutaya ndalama zambiri pa nambala imene sakudziwa tanthauzo lake, angomva kuti yaikulu ndiye yamphamvu.

Mkati mwa difu muja muli mano awiri olumana, kakang'ono kotchedwa pinion kamene kamazunguliridwa ndi propela, chitsulo chachitali chija chochokera ku giyabokosi, ndi chachikulu chija timati crown chimene chimapereka mphamvu ku matayala. Nambala ija siyodabwitsa, mumangowerenga mano a crown nkugawa ndi mano a pinion. Crown ya mano 41 ndi pinion ya mano 10 ndiye 4.10. Mano 43 ndi 10 ndiye 4.30. Mano 41 ndi 9 ndiye 4.56, mano 39 ndi 8 ndiye 4.88 imene anthu akuitamayo. Tanthauzo lake nlakuti pa 4.10 propela imazungulira kanayi ndi pang'ono kuti matayala azungulire kamodzi, pomwe pa 4.88 imazungulira pafupifupi kasanu kuti matayala omwewo azungulire kamodzi komweko.

Amene munapalasapo njinga ya magiya mukudziwa kale zimenezi. Ukafika pa chitunda umakwezera tcheni pa mano aakulu akumbuyo aja, kupalasa kumapepuka, umakwera ndithu osatsika kukankha, koma miyendo imazungulira kwambiri pomwe njinga ikuyenda pang'onopang'ono. Miyendo yako ndi yomweyo, sinawonjezeke nyonga, wangosinthanitsa liwiro ndi kukoka. Difu nayo ndi choncho abale anga. Injini ya 2L kapena 3L, maina a injini za dizilo za Hilux zakalezi, ikhalabe 2L kapena 3L, ngakhale hachi imodzi ya mphamvu yake siwonjezeka. Chimene mwagula ndi kukoka pa giya iliyonse, ndipo mtengo wake mumalipira pa liwiro, pa mafuta ndi pa moyo wa injini.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka pa 4.10 kupita pa 4.30 kukoka kumawonjezeka ndi 5 peresenti, kupita pa 4.56 ndi 11 peresenti, kupita pa 4.88 ndi 19 peresenti. Koma ma rev, kutanthauza kuzungulira kwa injini, nawonso amakwera ndi mlingo womwewo, palibe kuzemba. Tiyerekeze kuti muli pa giya faifi pa Midima paja msewu wawongoka, mukuyenda 100 injini ili pa 2,800. Mukaika 4.56 liwiro lomwelo injini ili cha pa 3,100, mukaika 4.88 yadutsa 3,300. Tsono dizilo yakale yopanda turbo kuiyendetsa pa 3,300 kuchokera ku Chitakale mpaka ku Limbe tsiku ndi tsiku, phokoso m'kabini simungamvane ndi amene mwakhala naye, singano ya tempirecha ikusuzumira mmwamba miyezi yotentha ino, ndipo dizilo amene mwamugonera pa mzere pa filling station akungopsa pachabe. Ndi mmene mafuta amavutira ine sindingalangize munthu woyenda pa tala kuti achite zimenezo.

Ndipo kunyamuka kumene anyamata akukufunako sikubwera mmene akuganizira. Zoona giya wani imachoka mwaukali, koma imathanso msanga, usanafike patali wayamba kale kufuna giya thu, kenako fili, dzanja silichoka pa ndodo. Nthawi imene wapindula pochoka ina umaitaya posinthasintha magiya. Galimoto ikakhala yopanda katundu giya wani imasanduka yopanda ntchito, ndipo dothi lathu lofiira la ku Thyolo kuno likanyowa ndi chiperoni, pikapu yopepuka kumbuyo yokhala ndi difu yaukali imangopalasa tayala limodzi pamalo amodzi. Amene tazolowera misewu ya m'maesiteti a tiyi timadziwa kuti m'matope nthawi zina umachita kunyamukira giya thu dala kuti mphamvu isachuluke pa tayala.

Pamene difu imathandiza zenizeni ndi pa chitunda uli ndi katundu. Apa ndiye ndingaikire umboni. Pali zitunda zina ukamachokera ku Thekerani zimene giya fili imafooka pakati, injini nkuyamba kugogoda utsi wakuda uli tolotolo, ukatsitsa pa thu injini ikukuwa galimoto ikukwawa, ndiye umangokhala pakati, fili yakana thu yachepa. Difu yokwererako pang'ono imachititsa kuti fili ija igwire mpaka pamwamba osafooka. Phindu lake ndi limenelo, ndipo silochepa kwa munthu wonyamula nthochi, chifukwa kilatchi imapuma, injini siikakamizidwa pa ma rev otsika, ngakhale potsetsereka giya imagwira galimoto bwino mabuleki osatentha kwambiri. Amene munatsikapo ku Thabwa kulowera ku Chikwawa ndi katundu mukudziwa fungo la mabuleki akapsa mmene limaopsera.

Koma chimene anthu ambiri saganiza nkomwe ndi matayala. Ine pikapu yanga inali ndi 195R14 ndi difu ya 4.10 ndipo inkayenda bwino ndithu. Misewu itakumbika ndi mvula ndinkangogunditsa pansi, ndiye ndinaika marimu a 15 ndi matayala a 235/75R15 kuti ikwereko. Kuoneka inaoneka bwino, pansi inasiya kugunda, koma mphamvu inathawa tsiku lomwelo. Ndinayamba kukayikira injini, kukayikira pampu ya dizilo, osadziwa kuti tayala latsopanolo nlotalika ndi pafupifupi 10 peresenti kuposa lakale, kutanthauza kuti 4.10 yanga ija inayamba kugwira ntchito ngati 3.73. Nditaika 4.56 galimoto inangobwerera pafupi ndi mmene fakitale inaipangira, kuwonjezako pang'ono chabe. Ndiye anthu akamati achimwene aja anasintha difu galimoto yawo ikukwera bwino, sakunama, koma sakuona kuti ine ndinkabweza ngongole imene matayala anandibweretsera. Mphwanga uja matayala ake akadali 195R14. Akaika 4.88 pa timatayala timeneto ndiye kuti wapanga thirakitala.

Sipidomita nayo imalowa m'nkhaniyi. Pa galimoto zakale izi imawerengera ku giyabokosi, siidziwa kuti kumbuyo mwasintha chiyani. Mukaika matayala aakulu okha imanama mochepetsa, ikamati 80 inu muli pa 88, ndipo a traffic akakuimitsani ndi kamera yawo mudzalumbira kuti simumathamanga pomwe mumathamanga. Mukaika 4.88 pa matayala akale imanama mokweza, ikamati 100 muli pa 84, makilomita nawonso akuwerengeka ochuluka kuposa amene mwayenda. Kwa ine matayala ndi difu zinafafanizana, sipidomita inabwerera pafupi ndi zoona.

Enanu a fo wilo, galimoto zokoka ndi matayala onse anayi, mverani bwino apa. Galimoto yanu ili ndi ma difu awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo nambala ziyenera kufanana. Mukasintha yakumbuyo yokha, tsiku limene mudzalowetse fo wilo matayala akutsogolo adzafuna liwiro lina akumbuyo lina, m'matope mwina zidzabisika poti tayala limaterereka, koma mukangofika pouma zimamangana, ndipo chothyoka chimapezeka, kaya ndi transfer, bokosi lija logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, kaya ndi propela kaya mano. Ndiye bajeti yanu ikhale ya ma difu awiri osati imodzi.

Ndipo a ma Sienta, Vitz, Passo ndi Probox amene mumapanga taxi pakati pa Luchenza ndi Mulanje, nkhani iyi kwenikweni si yanu. Zambiri mwa galimoto zimenezo zimakoka ndi matayala akutsogolo, difu yake ili mkati mwa giyabokosi momwemo, si chinthu choti nkumasula mabawuti kumbuyo nkuika china ngati pa Hilux, Hiace kapena Dyna. Zikamalephera chitunda nthawi zambiri ndi anthu ndi matumba amene mwapakira, galimoto ya anthu 5 kapena 7 siingakwere bwino itanyamula mudzi wonse.

Tsono ngakhale mutasankha nambala yoyenera, woika akhale wodziwa. Apa ndinapsapo ndipo mpaka pano zimandiwawa. Ulendo woyamba ndinagula crown ndi pinion kwa munthu wina wogulitsa masipeya akale, nambala ya mano inali yolondola koma zinachokera m'galimoto ziwiri zosiyana, ndipo amene anandiikira anangomanga mabawuti nkuthira oyilo nkuti bwana yatha. Sabata yoyamba inayamba kulira kuti wuuu ndikaponda moto, ndikasiya moto kulira kwina. Sipanathe miyezi itatu mano anagumuka ndili ndi mapeyala odzaza, ndinagona panjira cha ku Thunga, katundu theka anafewa asanafike pamsika. Crown ndi pinion zimapangidwa ngati banja, kufakitale amazipera limodzi kuti zizolowerane, simungatenge mwamuna uku mkazi uko. Ndipo makaniko weniweni amayeza kampata kapakati pa mano kaja amati backlash ndi geji, amaona kuti pinion yalowa mozama bwanji, amamanga mabering'i pa mlingo wake, kenako amapaka utoto pa mano nkuzunguliza kuti aone pamene akukhudzana, pakhale pakati pa dzino osati kunsonga kapena kutsinde. Mukaona munthu akufuna kukuikirani crown ndi pinion alibe geji alibe utoto, nyamulani katundu wanu. Bola kugula mutu wonse wa difu wosamasula kuchokera m'galimoto imodzi, kuuzunguliza ndi manja kumva ngati ukuyenda mosalala, nkuumanga momwemo. Oyilo akhale wa difu weniweni wa GL-5, monga 80W-90 kapena 85W-140, osati wotsala wa injini chonde.

Kwa mphwanga uja ndi ena onse amene galimoto zafooka, difu ikhale yomalizira kuikayikira. Galimoto imene inkakoka bwino kale nkufooka pano, difu siinasinthe mano usiku. Yambani mwaona fyuluta ya mpweya, ndi fumbi la misewu yathu ino imatseka msanga kwambiri. Onani fyuluta ya dizilo, ma nozo opopera dizilo mu injini, taimingi ya pampu. Onani ngati kilatchi siikuterereka, mukaponda moto pa giya fo ma rev nkukwera liwiro osakwera ndiye kuti ndi imeneyo. Gwirani marimu mukayenda kamtunda, lina likatentha kuposa anzake ndiye kuti buleki ikugwira yokha. Zonsezi nzotchipa kuyerekeza ndi difu, ndipo ine galimoto zambiri zimene ndaziona zikunenedwa kuti zikufuna difu zinachira ndi zimenezi.

Zonse zikakhala bwino koma mukufunabe kukoka, maganizo anga ndi awa, kwerani sitepe imodzi yokha. Woyenda pa tala Limbe, Thyolo, Luchenza, Mulanje mpaka ku Muloza ndi matayala a fakitale akhalebe ndi 4.10 yake, akafunitsitsa afike pa 4.30. Wonyamula katundu wolemera m'zitunda za kumunsi kwa Thyolo kapena amene wakuza matayala ngati ine, 4.56 ndi yokwana. 4.88 ndi ya munthu wa matayala aakulu zedi a mainchesi 31 kupita mtsogolo, kapena amene moyo wake wonse uli m'mapiri tala amangoidutsa popita kukathira mafuta.

Ndipo chodabwitsa pa mkangano wonse wa dzulo, nditamufunsa mphwangayo kuti kodi panopa muli difu yanji, sanadziwe, ngakhale amene amamulangizawo sanadziwe. Galimoto zakale izi zadutsa m'manja ambiri, mwina mwini wake woyamba anasintha kale. Kudziwa nkosavuta, simufunika kumasula kanthu. Imikani pamalo athyathyathya, tsekerani matayala akutsogolo ndi miyala, giya pa nyutulo, handibuleki pansi, jekani tayala limodzi lakumbuyo linalo likhale pansi, ndipo ikani chipika cholimba musadalire jeke yokha. Lembani choko pa tayala ndi pa propela. Zungulizani tayala ka 20, mnzanu akuwerenga propela ali chapambali. Akapeza 41 ndiye 4.10, akapeza 43 ndiye 4.30, pakati pa 45 ndi 46 ndiye 4.56, kuyandikira 49 ndiye kuti 4.88 muli nayo kale. Tayala likamakana kuzungulira lokha ndiye kuti difu yanu ndi ija ya LSD, imene siilola tayala limodzi kuzungulira lokha momasuka, pamenepo mujeke onse awiri nkuzunguliza ka 10.

Tagwirizana kuti Loweruka m'mawa abwere nayo kwathu, choko ndili nacho, jeke abweretsa yekha. Tiwerenga kaye kuzungulira kwa propela, kenako titsegula fyuluta, ndipo ndamuuza kuti ndalama ya ku Limbe ija aisunge kaye m'thumba mpaka titaona zimene tipeze.