Yesu analipo, kaya mumamupembedza kaya ayi

Usiku wa dzulo tili pamaliro, amayi akuimba m'siwa ife tikuwotha moto panja, mwana wa mchemwali wanga anayamba kuzunguliza foni kwa anthu. Kavidiyo ka mphindi zitatu. Akuti Yesu sanakhaleko, ndi nthano yopeka Aroma, ati anabera nkhani ya Horus, mulungu wa ku Iguputo wakale. Nditamufunsa kumene wawerenga zimenezi anangoti, "Amalume, kafufuzeni." Ndikafufuze ine? Nanga iwe wafufuza chiyani kupatula kumaliza bandulo?

Zinandinyansa kwambiri, mpaka tiyi anandizizirira m'kapu.

Tamverani. Kukana kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu ndi ufulu wanu, sindingakukokereni kutchalitchi. Kanani kuti anayenda panyanja, kanani kuti anauka, izo ndi za chikhulupiriro. Koma zoti munthuyo sanapondepo pa dziko lino ndi bodza lamkunkhuniza. Analipo. Anaphunzitsa ku Galileya, anaphedwa pamtanda ku Yerusalemu.

Tacitus anali Mroma wolemba mbiri yakale, ndipo Akhristu ankawaona ngati mliri. Cha m'ma 116 AD, polemba za moto umene unapsereza Roma mu 64 ndi mmene Nero anakankhira mlandu kwa Akhristu, ananena kuti dzina lawolo linachokera kwa Khristu amene anaphedwa ndi Pontiyo Pilato pa ulamuliro wa Tiberiyo. Munthu wodana nawo akanawapekera mtsogoleri chifukwa chiyani? Josephus, Myuda wolemba mbiri amene sanali Mkhristu, cha m'ma 93 analemba za Yakobo, m'bale wake wa Yesu wotchedwa Khristu, amene anaponyedwa miyala mu 62. Inde ndikudziwa, pali ndime ina ya Josephus yonena za Yesu imene alembi achikhristu anaithira mchere pambuyo pake, musandiuze ngati mwatulukira golide. Ya Yakoboyi akatswiri ambiri saikayikira. Ndiye pali Paulo. Pa Agalatiya 1:19 akunena yekha kuti atapita ku Yerusalemu anaonana ndi Yakobo, m'bale wake wa Ambuye. Nthano imakhala ndi mng'ono wake woti n'kukamuchezera? Kalulu wa m'nthano munakumanapo ndi achibale ake?

Komanso taganizani, mukanakhala mukupeka mpulumutsi, mukanamupha imfa ya pamtanda, imene Aroma ankaphera akapolo ndi oukira boma? Imfa yochititsa manyazi ngati imeneyo? Otsatira ake anavutika nayo kuifotokoza chifukwa inachitikadi, analibe pothawira.

Ngakhale Bart Ehrman, pulofesa wa ku America amene anasiya Chikhristu kalekale, mu 2012 anatulutsa buku lathunthu lotsutsa anthu onena kuti Yesu ndi wopeka. Sapemphera, sapereka chakhumi, koma akuti munthuyo analipo. Ndiye iwe ndi kafoni kako kong'aluka galasi ukuposa onsewa? Akuluakulu anati kandimverere anakanena zam'maluwa.

Za Horus ndiye zosekesa. Ati iye ndi Yesu onse anabadwa pa 25 Disembala. Tsegulani Baibulo mundisonyeze vesi lotchula tsikulo. Mulibe!

Ndikudziwa pamene pakuwawa, ndi chithunzi chija cha mzungu watsitsi lalitali chopachikidwa m'zipinda zochezera, ndi zimene atsamunda anatichita. Koma kujambula munthu molakwika sikumufafaniza. Yesu anali Myuda wa ku Nazarete, sanali wa ku Scotland. Ndipo ku Ethiopia mfumu Ezana inalowa Chikhristu m'zaka za m'ma 300, amishoni a ku Scotland anafika ku Blantyre mu 1876. Werengerani nokha zaka zimene zili pakatipo.

Koma chimene chinandiwawa koposa si mwanayo ayi. Pamoto pomwepo panali akulu ampingo awiri, wina Baibulo lili pamwendo. Yankho lawo? "Mwanayu walowedwa chiwanda, afunika mapemphero." Basi. Zaka makumi atatu mukulalikira, simungatchule ngakhale umboni umodzi wa kunja kwa Baibulo? Ana akufunsa mafunso, inu mukuwathira mafuta odzozera a m'kabotolo. Lamulungu lililonse ulaliki ndi wa chopereka ndi mbewu, pepala lachitukuko, ndalama ya galimoto ya abusa. Mwana akapita kwa TikTok kukafuna mayankho muzidabwa chiyani?