Wotchi ya mwezi ya Naoya Hida ndi yovala, si yotsekera m'bokosi

Ku Tokyo kuli kampani yaing'ono yopanga mawotchi apamkono, dzina lake Naoya Hida & Co. Inayamba mu 2018, mwini wake, a Naoya Hida, atatha zaka zambiri akugulitsa mawotchi a ku Switzerland ku Japan konko. Mu 2021 anatulutsa NH Type 3A, wotchi yomwe kuwonjezera pa nthawi imaonetsanso pamene mwezi wakumwambawu wafika: kaya wangokhala kumene, kaya ndi wathunthu, kaya wapita kumdima. Anapanga ochepa zedi, moti ngakhale thumba litakhala lolemera, si zongolowa m'sitolo n'kutola ayi.

Ine wotchi imeneyi imandigwira mtima. Ndi yaing'ono bwino, mamilimita 37 basi, yosadzionetsera. Manambala a pankhope yake sanachite kudinda ndi makina. Mmisiri wina, a Keisuke Kano, amachita kuzokota ndi dzanja, nambala imodziimodzi, kenako n'kuthira utoto m'mizere yomwe ajobayo. Dzanja likangoterereka pa nambala yomaliza, ntchito yonse ya pankhopeyo yapita m'madzi. Mukaonetsetsa zithunzi zojambulidwa pafupi, mzere uliwonse umayamba mopyapyala, n'kunenepa pakati, n'kuthera kopyapyala, momwe mpeni unayendera. Mwezi uli m'munsi, pamene pakanakhala 6, ndipo ndi waukulu ndithu poyerekeza ndi wa m'mawotchi ena otere.

Ndiye n'chifukwa chake zimandiwawa kuti mawotchi osowa ngati awa ambiri amathera m'manja mwa anthu omwe akungodikira kuti mtengo ukwere. Agula, atsekera m'bokosi lachitsulo, patapita zaka zingapo atengera ku okushoni. Wotchi iyi ilibe batire. Mwini wake ayenera kupukusa kachitsulo kam'mbali ndi zala zake, ndipo akaiwala kwa masiku awiri imaima. Ikaima, mwezi wake nawo umaima pomwepo, pamene wakumwamba ukupitiriza ulendo. Wotchi ya mwezi yogonekedwa m'bokosi imanena bodza usiku uliwonse.

Taganizani mmene amisiri anavutikira ndi kawindo koonetsa mwezi pawotchi. Kuchokera pamene mwezi wakhala kufika pamene udzakhalenso pamapita masiku 29, maola 12 ndi mphindi 44. Nambala yotereyi siigwirizana ndi mano a magudumu. Choncho mawotchi ambiri a mwezi ali ndi kagudumu ka mano 59, kojambulidwa miyezi iwiri, kamene kamasuntha dzino limodzi tsiku lililonse. Pawotchipo mwezi umodzi umatenga masiku 29 ndi theka. Mphindi 44 zotsala zija zimaunjikana pang'onopang'ono, ndipo pakatha zaka ziwiri ndi miyezi 7 kapena 8, wotchi imakhala itaphonya ndi tsiku lathunthu. Ena anaika kagudumu ka mano 135, kamene kamaphonya tsiku limodzi pa zaka pafupifupi 122. Nzeru zonsezi anazipanga poganizira munthu amene adzatuluke panja madzulo, ayang'ane kumwamba, ayang'ane pamkono, aone ngati ziwirizi zikugwirizana.

Ndiponso kwa anthu a ku Japan mwezi si chokongoletsera chabe. Dzikolo linkayendera kalendala yotsatira mwezi mpaka kumapeto kwa 1872, ndipo kalendala yomwe tonse tikugwiritsa ntchitoyi anaiyamba pa 1 January 1873. Mpaka lero ali ndi mwambo wa Tsukimi, usiku wa pa 15 mwezi wachisanu ndi chitatu pa kalendala yakale ija, pamene mabanja amakonza timibulu ta ufa wa mpunga totchedwa dango, n'kukhala pansi kuonerera mwezi. Dziko lomwelo ndi limene mu 1969, kudzera ku wotchi yotchedwa Seiko Astron, linabweretsa wotchi yapamkono ya quartz, yoyendera batire, ija inatsala pang'ono kupha ntchito ya mawotchi opukusa. Lero amisiri a komweko akubwerera ku mpeni ndi sipuling'i mwadala, ndipo ine zimenezi ndimazilemekeza.

Kanthu kamodzi ka ife a kum'mwera kuno: mawotchi ambiri a mwezi amauonetsa mmene umaonekera kumpoto kwa dziko lapansi. Ku Tokyo mwezi ukamakula umawala mbali ya kumanja, pamene ku Johannesburg umawala mbali ya kumanzere. Wovala kuno ayenera kuzolowera kuutembenuza m'maganizo.

Ena anena kuti wagula ndi ndalama zake, achite zomwe akufuna. Sindikukana. Koma pamene mawotchi ndi owerengeka chonchi, iliyonse yotsekeredwa m'bokosi yalandidwa kwa munthu amene akanaipukusa m'mawa uliwonse. Ndikanakhala ine wogulitsa, ndikanayamba ndafunsa ngati wogulayo adzavale, ndipo amene anagulitsapo ina msangamsanga ndikanamuika kumapeto kwa mzere.