Ngongole ya m'ndende imabwezedwa kunja

Anthu akamva kuti mnyamata amene anatuluka m'ndende wagwidwanso, amafulumira kunena kuti kuba kuli m'magazi mwake, koma ine ndikuona kuti tiyenera kufunsa kaye kuti wagwidwa ali ndi yani, ndipo awiriwo anadziwana kuti.

Taganizirani mnyamata wa ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, amene wamangidwa koyamba chifukwa choba foni pa depoti. Akalowa m'selo amapeza anthu athithikana, nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, ndiye amaloza pogona, ndipo nsima ya nyemba imabwera kamodzi patsiku. Abale akapanda kukamuona, amene amamugawira sopo, kausipa ndi mbali ya bulangete amakhala mkaidi wozolowera, woti walowa ndi kutuluka kangapo. Chifundo chimenecho ndi chenicheni ndipo sindikuchinyoza, komabe chimasanduka ngongole. Mnyamatayo akamasulidwa amapeza makolo akumuchitira manyazi, anansi akutseka zitseko akamuona, ndipo palibe mwini njinga amene angamupatse kuti aziyendetsa kabaza. Yemwe amamulandira ndi mnzake wa m'selo uja, amene tsopano akufuna munthu womuyang'anira njira usiku, ndipo nkovuta kukanira munthu amene anakudyetsa uli pa njala.

Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, mkaidi amene anasumira boma, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza, ndipo linalamula boma kuti lichepetse vutoli ndi theka pa miyezi 18. Tikamakamba za chigamulochi timaganiza za matenda ndi malo ogona okha, koma malo akachepa nkovuta kulekanitsa wolakwa koyamba ndi mbava yokhwima, kapena woyembekezera mlandu ndi womangidwa kale.

Sikuti ubwenzi uliwonse wa m'ndende ndi woipa. Akaidi amene amawerenga limodzi pokonzekera mayeso a MSCE kapena kuphunzira ukalipentala amalimbikitsana, ndipo bungwe la Prison Fellowship Malawi lili ndi malo ku Balaka othandiza otuluka kuti akhazikikenso.

Nchifukwa chake ndikupempha makhoti kuti olakwa koyamba pa milandu ing'onoing'ono aziwapatsa chilango chogwira ntchito zothandiza anthu, monga kusesa pachipatala kapena pamsika, m'malo mowatsekera. Ndipo ife amene tili ndi m'bale kundende ya Mzuzu tizipita ndi chakudya ngakhale tili okwiya naye, chifukwa tikapanda kutero adyetsedwa ndi wina amene adzafune malipiro ake akadzatuluka.