A LANDILODI NDI MADZI A TIYI

Alandilodi ena a ku Chibavi angawathe ndi Mulungu yekha. M'mawa anyamata a Water Board atsekula vavu kumapeto kwa msewu, madzi ofiira ali khwaa m'ngalande.

Landilodi: Iwe! Paipi yaphulika, iwe wangoti chilili ngati mlonda wa pabanki?

Mnyamata: Sinaphulike madala, tatsekula dala. Tikutsuka mapaipi.

Landilodi: Sopo ali kuti?

Mnyamata: Safunika sopo. Madzi akathamanga mwamphamvu amakokolola dzimbiri ndi matope omwe adikha pansi pa paipi.

Landilodi: Paipi yokhalira madzi usana ndi usiku n'kumadanso? Ine mu June muno ndi kuzizira kwa Mzuzu ndimasamba kawiri pa sabata, wandiona dzimbiri?

Mnyamata: Kuno ndi kothera layini, madala. Madzi amachoka ku Lunyangwa atathiridwa klorini, koma akakhalitsa m'paipi mankhwalawo amatha mphamvu. Tikutulutsa ogonawo kuti alowe atsopano.

Landilodi: Ogona? Kwanu mkute mumataya?

Mnyamata: Madzi si nsima.

Landilodi: Nchifukwa chake sulemera. Ndiye biluyi mukankhira ine?

Mnyamata: Ayi, awawa sakudutsa pa mita ya munthu aliyense.

Landilodi: Tabwereza.

Mnyamata: Sakudutsa pa mita.

Landilodi: Amake Juniya! Ndowa! Beseni! Dramu ija ya kuseri! Bwera nayo ndi poto ya nyemba yomwe!

Mnyamata: Madala, si akumwa awa. Taonani mtundu wake.

Landilodi: Chombe ali ndi mtundu wanji?

Mnyamata: Ameneyo ndi tiyi.

Landilodi: Ndiye kwangotsala shuga.

(Munthu wa nyumba zisanu ndi ziwiri za lendi ameneyu, wagwada m'ngalande ndi poto.)

Mnyamata: Mverani kaye. Tikatseka apa, kumpopi kwanu atha kutuluka oderako. Mutsekule mpopi wa panja athe kaye mpaka ayere. Zovala zoyera musachape lero.

Landilodi: Amenewo adutsa pa mita?

Mnyamata: Eya, koma ndi ndowa imodzi kapena ziwiri. Muthirire masamba.

Landilodi: Ndilibe dimba.

Mnyamata: Mukolopere.

Landilodi: Tinakolopa dzana.

Mnyamata: Muthire kuchimbudzi ndiye.

Landilodi: Nchokumba. Mphwanga, mayunitsi anga ndagula dzulo, sindingamwetse ngalande. Bwera utsekule ndiwe, koma mita uigwire isayende.

Mnyamata: Siigwirika.

Landilodi: Ndiye paipi yangayo ikhale yosasamba ngati mwini wake.

Anapita nakhoma loko pampopi. Madzulo amake Juniya anapempha kiyi kuti achape shati ya bambo, yoyera ija amavala akamawerenga zolengeza kutchalitchi. Kiyi anapereka, koma anaima pompo kuonetsetsa kuti dontho loyamba lenilenilo ligwere m'beseni.

M'mawa mwake akumana pa Katoto.

Mnyamata: Madala, shatiyo bwanji?

Landilodi: Yatani?

Mnyamata: Mawangamawanga akewo. Munachapira madzi aja eti?

Landilodi: Ndi dizaini. Ndinagula chonchi pa kaunjika.

Mnyamata: Nanga dramu ija?

Landilodi: Ndinagulitsa kwa oumba njerwa, mtunduwo anaukonda. Iwe, mudzatsukanso liti?

Mnyamata: Zimatengera malo, timalengeza.

Landilodi: Uzindiuza ineyo poyamba. Ndipo undilembere kakalata koti paipi ya kwathu yatsukidwa.

Mnyamata: Kantchito yanji?

Landilodi: Alendi aja ndawakwezera K5,000. Akukhala pa malo a paipi yotsukatu tsopano.

Mnyamata: Ndi mpopi uli pa loko?

Landilodi: Kuti isadenso.